Achoso a pa Kalenda ndi Sutikesi ya Agogo Anu

Ana inu, khalani pansi. Ndikudziwa kuti izi n'zolemba ndipo mukhoza kuwerenga muli chiimire, komabe khalani pansi, munthu wamkulu akulankhula. Amene Chichewa chikumupiringiza lilime apite kwa amayi ake akamuwerengere. Kwa agogo anu aakazi musapiteko, iwo akamawerenga amaikamo ndemanga zimene mlembi sanalembe.

Lamulungu lapitali iwe Mayamiko unabwera ndi homuweki ya timbalame timene aphunzitsi ako akuti hummingbird. Unafunsa agogo ako aakazi, iwo n'kunena kuti, "Pita kwa agogo ako aamuna, ndiwo pulofesa wa zimenezo mu Coolock monse muno," kenaka anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Mlongo wako Aoife naye anaseka, osadziwa n'chimene chikusekedwa. Mwana ameneyu ndimamukhululukira, ali kale ndi mtolo wake: dzina lake amati tizitchula kuti Ifa, ndipo ine pomuitana kuti adzadye ndimakhala ngati ndikumutemberera. Tsiku limenelo ndinakhala chete. Lero ndikuyankha pa pepala, pomwe palibe wondidula mawu.

Poyamba ndikonze mbiri. Ku koleji ndinapitako ndithu. Ndinakhalako chaka ndi theka, kuphunzira sayansi ya zamoyo kuti ndidzakhale mphunzitsi. Ine ndi koleji ija tinasiyana mwamtendere: iwo anasunga digiri, ine ndinasunga bulangete. Bulangetelo linanditumikira zaka zambiri kuposa mmene digiri yatumikira anzanga ena.

Koma za mbalame ndinaziyamba ndisanavale nsapato, ku Dedza. Inu mbalame mumazionera pa tabuleti. Ife tinkazionera pa makala. Mnyamata aliyense anali ndi legeni, mphanda ya mtengo wa gwafa ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo njinga ya amalume anga inakhala nthawi yaitali itatsamira khoma chifukwa cha maphunziro angawo. Amene dzanja linkamunjenjemera ankatchera ulimbo. Ulimbo ndi utomoni wa kachere. Umatema khungwa, pamatuluka zoyera ngati mkaka, iwe n'kuziphika m'kachitini mpaka zinande, n'kupaka pa kamtengo, n'kukaika pomwe mbalame zimatera. Ikangotera, yasaina.

Mwa mbalame zonse tinkafuna kwambiri choso. Kambalame kakang'ono, mlomo wautali wopindika ngati singano yosokera matumba a chimanga, kokonda kuyamwa maluwa a nthochi. Wamphongo mutu wake ndi wobiriwira wonyezimira, pachifuwa psuu. Nyama yake sidzaza ndi dzino limodzi lomwe. Ife tinkafuna mtima wake. Anyamata akuluakulu ankati ukameza mtima wa choso ukadali wofunda, legeni yako siidzaphonyanso. Ine ndinameza mitima itatu. Mayeso a ku koleji ndinaphonyabe, koma mwina mankhwalawo sankafika ku masamu.

Agogo anu, amene nthawi imeneyo ankangotchedwa Nangozo, ndinawafunsira nditabwerako ku koleji ndi bulangete langa. Anali ndi kadimba ka maluwa kuseri kwa nyumba ya amayi awo, chinthu chimene mudzi wonse unkachiona ngati chiyambi cha misala, popeza maluwa sadyera nsima. Ndinamva kuti amakonda achoso. Ndiye ine, ndi nzeru za chaka ndi theka, ndinalasa mmodzi wokongola kwambiri, kumukulunga m'kampango, n'kukapereka ndi manja awiri.

Anatsegula, anayang'ana mbalameyo, anayang'ana ine.

"Ameneyu ndi wa pa duwa langa lofiira lija. Amabwera m'mawa uliwonse."

"Ndiye ndakupeputsirani," ndinatero. "Simuzichitanso kumudikira."

Sanandilankhule miyezi isanu ndi umodzi. Nditathyola legeni pamaso pawo ndi pamene anatsegula pakamwa, n'kunena kuti chinthu chokongola sachigwira, amachidzalira duwa. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Amuna timagwedeza mutu kuti ukwati uchitike.

Tidumphe zaka. Amayi anu Tadala anabadwa, anayamba sukulu, ine n'kupezeka ndili ku Dublin ndekhandekha. Chimene ndinathawa kumudzi ndinachifotokoza kale kanayi kwa akuluakulu a boma, m'chipinda chopanda zenera, ndipo sindibwerezanso kwa anthu opanda chidindo. Ndinakhala zaka mu hositelo ya odikira mapepala, osaloledwa kugwira ntchito, ndikudya mbatata ya kachewere yophikidwa m'njira zonse zimene munthu angachitire mbatata chipongwe. Mapepala atatuluka ndinapeza ntchito ku eyapoti. Yokolopa. Gawo langa linali zimbudzi za pafupi ndi pokwerera ndege, mmene anthu amalowa ali ndi mantha a ulendo. Ndipo mantha, ana inu, sakhala mumtima mokha.

M'kalata yopita kumudzi ndinalemba kuti ndine woyang'anira ukhondo pa bwalo la ndege za mayiko onse, ndipo ndili ndi ofesi. Ofesi inalipo. Munkakhala mamopu. Masiku amenewo kunalibe zoonana nkhope pa foni ngati mmene mumachitiramu, mpaka munthu wa ku Dedza kumaona mbale zosatsuka za ku Coolock. Munthu unkatha kukhala aliyense amene envelopu ingathe kunyamula.

Tsiku lina ndikukhuthula bini ndinapeza kalenda ya chaka chapita, yotayidwa ndi wapaulendo wina amene katundu anamulemera. Nditatsegula ndinaima ndi mopu m'manja. Achoso! Khumi ndi awiri, mwezi uliwonse wake. Koma achoso amene Mulungu anawapanga tsiku limene utoto unamutsalira wambiri ndipo panalibe womuletsa.

Iwe Mayamiko tenga cholembera, apa ndi pa homuweki yako. Timbalame ta pa kalendato si abale a choso wa kwathu. Anangofanana ntchito, ngati m'busa ndi sing'anga: onse amadziwa pomwe pali zotsekemera. Hummingbird amapezeka ku America kokha, kuyambira ku Alaska kozizira mpaka kunsonga ya kummwera, m'nkhalango zamvula, m'zipululu, pamwamba pa mapiri, mitundu yoposa mazana atatu. Ku Africa kulibe. Kuno ku Ulaya kulibe. Izi ndinadzaziwerenga mu laibulale pambuyo pake, mochedwa monga mwa chizolowezi changa. Choso wathu amakonda kutera kaye, n'kumadya atakhala ngati munthu woleredwa bwino. Uyu amadya ali m'malere, mapiko akulira ngati njuchi, ndipo akakhuta amabwerera chafutambuyo osatembenuka, ngati mkamwini wochoka pamaso pa apongozi.

Ndinadula zithunzizo ndi sizasi, n'kumatumiza chimodzi m'kalata iliyonse.

Ndinayamba ndi kakang'ono kwambiri, ka ku Cuba, mbalame yochepa kuposa zonse padziko, kofanana ndi njuchi yodya bwino, dzira lake ngati njere ya khofi. Ndinalemba kuti, "Aka kamabwera pa zenera langa m'mawa uliwonse." Zenera langalo linkayang'ana mabini a lesitilanti. Mwezi wotsatira ndinatumiza wa m'mapiri a Andes amene mlomo wake ndi wautali kuposa thupi. Amayamwa maluwa aatali ngati lipenga amene anzake sangafike, koma sangathe kudzikonza nthenga ndi mlomowo, amadzikanda ndi mwendo, ndipo akatera amaloza mlomo kumwamba ngati kalaliki wa boma ukamamupatsa moni. Ameneyo ndinati amakhala ku ntchito kwathu.

Panali wa ku Peru wa nthenga ziwiri za kumchira zazitali ngati waya, kumapeto kwake tizipande tiwiri tabuluu, timene amativinitsa pamaso pa wamkazi pofunsira. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Ndinamumvetsa. Panali wina wokhala ndi timasokosi toyera ta thonje m'miyendo. Uyo ndinati ndi mbadwa yeniyeni ya kuno, onani wavala za kuzizira. Panali wa pamwamba pa mapiri pomwe madzi amaundana, amene kukada amadziziziritsa thupi lonse ngati wafa, dzuwa likatuluka n'kudzuka ngati palibe chachitika, monga amachitira ankolo anu a Daka pambuyo pa phwando la ukwati. Ndiye panali wa khosi lofiira ngati khala la moto, amene amawoloka nyanja ya Mexico osatera paliponse. Popanda viza. Popanda chipinda chopanda zenera. Ameneyo ndinamuchitira nsanje, ndipo ndinamutumiza pomaliza.

Ulembenso ichi, aphunzitsi ako akupatsa nyenyezi. Kuwala kwa khosi lake si utoto. Nthenga zake zimaphwanya kuwala kwa dzuwa ngati dontho la petulo pa chithaphwi. Mbalameyo ikapotoza mutu pang'ono, khala lamoto lija limangoti bii, kuda. Zimatengera pomwe iwe waima. Ine ndinali ku Dublin, agogo anu anaima ku Dedza, ndipo ndinkakhulupirira kuti kuchokera kumeneko moyo wanga ukunyezimira.

Boma litalola kuti banja linditsatire, anafika mu Novembala, agogo anu ndi amayi anu, amene anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndinakawachingamira nditavala jekete ndi tayi wofiira, ndikuzemba anzanga a mopu. A Daka, m'Zambia wa ku Chipata uja, nthawi imeneyo anali mlonda pa eyapoti, ndipo tinapangana kuti tikamadutsa andichitire sawatcha. Anachita mopitirira muyeso, mpaka kumenya chidendene. Agogo anu anangowayang'ana, n'kuyang'ana tayi wanga.

M'mawa mwake, m'kanyumba kathu koyamba ka ku Coolock, kumpoto kwa Dublin, anatsegula katani. Pa bini panali chimbalame choyera cha kunyanja, mwa zija zimakulandani tchipisi m'manja, chachikulu ngati bakha, maso a munthu amene anamangidwapo.

"Bambo a Tadala, achoso aja ali kuti?"

"Ali pa tchuthi. Nyengo yozizira amapita kotentha."

"Ndi wa masokosi yemwe uja?"

"Ameneyo ndiye amatsogolera."

Anatseka katani.

Chisanu chonsecho ine ndinkadzuka, kumanga tayi, kunyamula chikwama chopanda kanthu, n'kukavala ovolosi ku eyapoti. Agogo anu anapeza ntchito yosamalira okalamba cha ku Beaumont. Iwo pobwera ankanena zonse poyera: amene amusambitsa, amene wawalavulira mankhwala, amene wawatcha dzina la mwana wake womwalira n'kuwagwira dzanja osafuna kusiya. Akamaliza ankafunsa kuti, "Nanga inu kwanuko?" Ine ndinkapukusa mutu motopa n'kunena kuti, "Misonkhano yokhayokha." Pang'ono ndi pang'ono anasiya kufunsa. Kenaka anasiya kunena zawo. Kuseka kuja mumakumva lero mpaka kutsamwa ndi tiyi, m'nyumba imeneyo sikunamveke ngakhale kamodzi. Ine ndinkati ndi kuzizira.

Masiku anatalika, mitengo inaphuka, maluwa anatuluka. Achoso sanabwereko ku tchuthi. Ndinayesa kuwaonetsa kambalame kofiira pachifuwa kaja kamakhala pa makadi a Khirisimasi. Anati, "Mlomo wake anauiwala kuti?"

Mu Juni anatsitsa sutikesi pamwamba pa wadirobu, n'kuiika chotsegula pakona ya chipinda. Mchimwene wawo wa ku Joni anali atawakonzera matiketi awiri obwerera kumudzi, wawo ndi wa Tadala, a Loweruka lomaliza la Ogasiti.

"Mwandionetsa achoso khumi ndi awiri pa pepala," anatero. "Mundionetse mmodzi wamoyo lisanakwane tsikuli, ndikhala. Apo ayi, ine ndi mwana tikupita."

Sanakweze mawu. Agogo anu akakweza mawu, munthu umadziwa kuti upulumuka. Sabata iliyonse ankaikamo chinthu chimodzi m'sutikesimo, chitenje, nsapato za kutchalitchi, malipoti a sukulu a amayi anu, ndipo ine pogona ndinkaiona ikudzaza. Ndinadikira banja langa zaka zambiri, ana inu. Tsopano linali kutuluka pa geti yomwe ndinkakolopa.

Ndinakafunsa nzeru kwa a Daka pa nthawi yopuma.

"Mudala, uwauze chabe zoona," anatero akudya sangweji yanga. "Nichani chovuta?"

"Zoona zili ndi nthawi yake."

"Nthawi yake ni liti? Ndeke ikanyamuka? Ine nizamuona mukazi wako apita pa geti yanga, nizachita sawatcha futi?"

"Ndimaganiza zogwira mpheta. Tiipake utoto wa kuzala, mlomo tiwonjezere ndi kamtengo kotokosera m'mano."

Anasiya kutafuna.

"Iwe, manje namvesesa vamene vinakuchosa ku koleji."

Chakumapeto kwa Ogasiti kunatentha, kutentha kwa kuno kumene azungu amavula malaya ife n'kuvula sikafu. Ndinaweruka shifiti ya m'mawa, ndinali kuseri kwa nyumba cha m'ma folo koloko. Nyumba yoyandikana nayo munkakhala mayi wachikulire wamasiye, Mayi Nolan, ndipo maluwa awo ofiirira, aja amamera ngakhale m'ming'alu, ankalendewera mbali yathu ya kakhoma. Ndinamva kulira ngati kwa njuchi. Kuyang'ana, kanthu kali m'malere pamaso pa duwa, osatera. Mlomo wautali wolowa m'duwa. Kamchira kakuda ndi koyera. Mapiko osaoneka ndi liwiro, akung'anima ngati lalanje. Kanamaliza duwa limenelo, n'kubwerera chafutambuyo.

Ndinagwada pa simenti. Sindine munthu wopemphera mopupuluma, koma tsiku limenelo ndinapepesa kwa Mulungu pa zonse zimene ndinanena za ulaliki wautali.

Mawa lake kanabweranso, nthawi yomweyo, maluwa omwewo. Vuto linali lakuti folo koloko agogo anu amakhala ali ku ntchito, ndipo tsiku lawo lopuma linali Lachisanu, ulendo uli mawa lake. Munthu wanzeru akanadikira Lachisanu. Munthu amene anamvadi mawu aja a ku Dedza akanathirira maluwawo. Ine ndinaganiza zotchera ulimbo.

Kachere mu Coolock mulibe, ndinafufuza. Koma panalibe munthu mu Ireland yense wodziwa mphamvu ya chingamu kuposa ine, amene ndinkachipala pansi tsiku ndi tsiku ndi kampeni. Ndinagula mapaketi, ndinatafuna masiku awiri mpaka nsagwada zinayamba kulira ngati chitseko, agogo anu n'kumandiyang'ana cham'mbali poganiza kuti ndi chisoni. Ndinasakaniza ndi uchi, kutenthetsa m'kachitini ka nyemba monga mwa mwambo wa makolo, kupaka pa timitengo tootchera nyama, n'kuzika pakati pa maluwa a Mayi Nolan.

Ulimbowo unagwira. Ndinene zimenezo poteteza luso la kwathu. Unagwira ntchentche zisanu ndi mphaka wa Mayi Nolan, dzina lake Bishopu, wonenepa ndi wosagwira ntchito iliyonse yooneka. Anatuluka m'maluwamo ali ndi timitengo titatu m'mbali ngati nungu, akulira m'chilankhulo chimene sindinachimvepo kwa mtsogoleri wa mpingo.

Tinamugoneka pa tebulo la kukhitchini kwawo, ine nditamugwira, mayiwo akumeta ubweya ndi sizasi. Anafunsa kuti ndimafuna kugwira chiyani. Ndinafotokoza, ndikukupiza manja. Anaika sizasi pansi n'kuseka mpaka kupukuta magalasi.

"Mwana wanga, imeneyo si mbalame. Ndi gulugufe, wa mtundu wa aja amazungulira babu, kungoti uyu amayenda masana. Chilimwe chikakoma amabwera kuchokera kumayiko otentha. Malemu amuna anga analumbira mpaka kumanda kuti ndi mbalame."

Bishopu anandiluma chala, sindinamve.

"Amuna anuwo," ndinafunsa, "ankaima patali bwanji?"

"Pakhomo la khitchini paja. Sankakonda kuyandikira ntchito ya m'dimba."

Nditabwerera kwathu ndinayeza kuchokera pa maluwa kufika pakhomo lathu la khitchini. Mapazi asanu ndi awiri. Kuchokera pamenepo kanthu kaja kanali mbalame, ndipo ndikanalumbira pa khoti lililonse.

Lachisanu linakwana. Sutikesi inali yotseka, itaima pafupi ndi chitseko cha kumaso. Amayi anu anali atapita kukatsanzika anzawo a kusukulu, maso ali otupa. Ndinaika mipando iwiri pakhomo la khitchini, ndendende pa mzere wanga, ndinafulula tiyi, n'kuitana agogo anu.

"Mayi a Tadala, tabwerani mukhale apa. Pali mlendo akubwera folo koloko."

Anakhala. Folo inakwana, kulibe. Tiyi anazizira. Ine thukuta kutsika mkati mwa tayi, pakuti ndinamuvala polemekeza mwambowo. Ndiye kulira kuja kunamveka, ndipo kanthu kaja kanatsika pa khoma n'kuima m'malere pamaso pa duwa.

Agogo anu anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Nkhope yawo inamasuka, inakhala ya mtsikana wa kadimba kaja. Mtima wanga unati, wapambana mnyamata, mitima itatu ija yagwira ntchito tsopano.

Kenaka anaimirira, ananyamula mpando wawo, n'kuyenda nawo. Phazi loyamba, lachiwiri, mpaka lachisanu ndi chimodzi. Anakhala pansi mphuno ili pafupi ndi maluwa. Ndinawatsatira ndi mpando wanga ngati mbuzi yopita ku msika.

Pamenepo zonse zinali poyera. Tinyanga tiwiri pamutu. Mlomo uja sunali mlomo, kanali kaulusi kamene kankapindika ngati sipuling'i kakatuluka m'duwa. Nthenga panalibe, ubweya wokhawokha wotuwa.

Anayang'ana nthawi yaitali. Osatembenuka anati, "Bambo a Tadala, inu munapita ku koleji. Tandiuzeni, mbalame imeneyi dzina lake ndani?"

Dzina ndinali nalo. Ndinalikonza m'basi: choso wanyanga wa kumpoto kwa Dublin, wosowa kwambiri, asayansi akumufufuzabe. Linali pa lilime, lokonzeka, lopaka mafuta. Koma maso anga anagwera pa manja awo ali pa maondo, osweka ndi sopo wosambitsira makolo a anthu ena, manja amene sanawabisepo kwa ine ngakhale tsiku limodzi.

"Ndi gulugufe," ndinatero.

"Mhm."

"Achoso kuno kulibe. Zithunzi zija ndinadula pa kalenda."

"Mhm."

"Ya mu bini."

"Pitirizani, mwayamba bwino."

"Misonkhano kulibe. Ndimakolopa zimbudzi. Tayiyu ndimavulira m'basi."

"Pa siteji yachiwiri," anatero. "Amayi a kutchalitchi anandiuza sabata yoyamba. Amakhala kumbuyo kwanu m'basimo."

Ndinatsegula pakamwa, sipanatuluke kanthu, chinthu chimene inu simunachionepo.

"Ndipo zithunzi zanuzo, kodi munaziyang'anapo kuseri? Kuli masiku a mwezi, a chaka chakutha. Pansi pake timalemba ting'onoting'ono. Cuba. Peru. Ecuador. Ndinawerenga zonse khumi ndi ziwiri pa nyali ku Dedza. Ireland sindinamupezepo."

"Nanga munabwereranji?"

"Kudzaona ngati mwamuna wanga akadalipo kuseri kwa mapepalawo." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Kuzizira ndikhoza kupirira. Zimbalame zakubazi ndikhoza kupirira. Mopu si manyazi, ine ndimasintha anthu matewera. Koma kugona nyumba imodzi ndi munthu wondiona ngati mlendo woyenera kumuvalira tayi, ayi. Chaka chonse ndakhala ndikudikira kuti mubwere ku ntchito munene kuti, Nangozo, lero ndatopa, wina wasanza pa geti. Basi. Choso amene ndimafuna ndi ameneyo."

Gulugufe uja, wopanda ulemu pa nkhani za m'banja, anali akuyamwabe. Anamaliza duwa, n'kubwerera chafutambuyo mwaukatswiri wonse. Agogo anu anamuloza ndi chala.

"Taonani. Nayenso wavala tayi."

Ndipo anaseka. Kuseka koyamba m'dziko lino. Kunayambira m'mimba, kunagwedeza mpando, Mayi Nolan anatsegula zenera kuti aone ngati kwagwa ngozi, Bishopu ali m'manja ndi zigamba zitatu zometa. Ataona mphakayo, agogo anu anafunsa chimene chinamuchitikira. Popeza tsikulo linali la zoona, ndinanena. Anatsika pa mpando n'kukhala pa simenti, misozi ili mbwee, akungobwereza kuti, "Ulimbo! Ku Ulaya! Wa chingamu!"

Atapeza mpweya anati, "Kanyamuleni sutikesi ija muikweze pamwamba. Tayiyo mundipatse."

Chaka chotsatira anadzala maluwa ofiirira aja mbali yathu, ndipo kulikonse kumene tasamukira amapita nawo. Zaka zina gulugufe amabwera, zaka zina sabwera, iwo amathirirabe. Kansanza kofiira kozilala kamene kamanga duwa lokwera ku mtengo wake pafupi ndi shedi, kamene iwe Aoife unafuna kukataya, usadzakakhudzenso. Ndi ofesi yanga yonse imeneyo.

Tsono Mayamiko, lemba molimba mtima: mitundu yoposa mazana atatu, yonse ku America, ku Malawi kulibe, ku Ireland kulibe, ndipo kamene kamaoneka ngati iko m'gadeni mwa agogo kali ndi nyanga. Aphunzitsi akafunsa kumene wazitenga, unene kuti kwa agogo anga amene anakolopa zimbudzi za pa eyapoti mpaka kupuma ntchito. Zithunzi zikafunika, zonse khumi ndi ziwiri zili m'thumba la mkati mwa sutikesi, upemphe mwaulemu.

Sutikesiyo ikadali pamwamba pa wadirobu. Agogo anu amati amaisunga ngati chikumbutso chabe. Koma alendo akabwera, ine n'kuyamba kuti, "Pamene ndinali ku koleji," iwo amangokweza maso kudenga, cha kumene kuli chipinda chogona, ndipo ine ndimapempha kuti andipatsire shuga.